Chigoba cha V, Kontrakiti ya Watchmen ndi Mtsikana wa ku Tehran

  Lero ndili ndekha, palibe mlendo, ndiye mupirire nane. Nkhani yathu ndi ya mabuku a nkhani zazithunzi, aja pa Chingerezi amati graphic novel, komanso zimene zakhala zikuchitika a mafilimu akawatenga n'kuwaika pa kanema.

Ndiyambe ndi nkhope imene nonse munaionapo. Chigoba choyera, masaya ofiirira, ndevu zapamlomo zopindikira m'mwamba, kandevu kamodzi kotsika pachibwano, ndi kumwetulira kuja kosadziwika ngati munthu akukusekani kapena akukuopsezani. Munachiona pa zionetsero, pa nkhani za ma hacker, mwinanso pa chithunzi cha mnzanu wina wa pa Facebook amene amadziyesa woukira boma. Chigoba chimenechi chinachokera m'buku la zithunzi la ku Britain lotchedwa V for Vendetta, ndipo chinatchuka chifukwa cha filimu. Koma amene analemba bukulo, Alan Moore, anakana kuti dzina lake lioneke pa filimuyo, n'kukananso ndalama zake. Munthu amakana bwanji ndalama za ku Hollywood? Tifikako, koma tidzera kutali pang'ono.

Kwa zaka zambiri ku America ndi ku Britain, ma comic anali timagazini totchipa ta ana. Mapepala opyapyala, ukawerenga n'kutaya. Mawu akuti graphic novel anayamba ndi munthu wina wokonda ma comic, Richard Kyle, mu 1964, koma anamveka kwambiri mu 1978 pamene Will Eisner anatulutsa buku lake la A Contract with God. M'menemo munalibe munthu wouluka kapena wovala kabudula pamwamba pa thalauza. Munali nkhani zinayi za anthu osauka okhala m'nyumba zalendi ku Bronx, mumzinda wa New York. Kenako kunabwera 1986, chaka chimene okonda mabuku amenewa amachitchula ngati mmene okonda mpira amatchulira chaka chimene timu yawo inatenga chikho. Chaka chimenecho kunatuluka The Dark Knight Returns ya Frank Miller, gawo loyamba la Maus ya Art Spiegelman, ndipo Watchmen ya Alan Moore ndi Dave Gibbons inayamba kutuluka mwezi ndi mwezi. Manyuzipepala akuluakulu, amene kale sankaziyang'ana n'komwe zinthuzi, anayamba kuzilemba. A ku Hollywood nawo anatchera khutu.

Koma mumvetse kaye mmene malonda amenewa ankayendera, chifukwa mkangano wonse wagona pamenepo. Mu 1938 anyamata awiri a ku Cleveland, Jerry Siegel ndi Joe Shuster, anagulitsa Superman pa madola 130. Osati nkhani imodzi yokha, ayi. Superman yense, ndi zonse zimene adzabweretse mpaka kalekale. Kampani inalemera, iwo n'kukalamba ali osauka, Shuster maso atatsala pang'ono kufa. Mu 1975, filimu yaikulu ya Superman ili m'njira, Siegel anadandaula poyera, anthu anachita phokoso, ndipo kampani ya Warner inachita manyazi n'kuvomera kumawapatsa madola 20,000 pa chaka aliyense, komanso kubwezeretsa mayina awo pa mabuku. Aliyense wolemba ma comic m'zaka za m'ma 1980 ankaidziwa nkhani imeneyi. Inali ngati nthano yochenjezera ana.

Moore ndi mwana wa ku Northampton, anabadwa mu 1953 m'dera la anthu osauka, ndipo sanasamukeko mpaka kutchuka kwake konse. Pamene iye ndi Gibbons ankasaina kontrakiti ya Watchmen ndi kampani ya DC, ankaganiza kuti achenjera kuposa anyamata a ku Cleveland aja. Mgwirizano unali wakuti bukulo likakhala chaka chathunthu osasindikizidwanso, umwini ubwerera kwa iwo awiri. Masiku amenewo zimenezi zinali zomveka ndithu, chifukwa comic inkatuluka, kugulitsidwa, n'kuiwalika. Palibe amene ankaganiza za comic yokhala pa shelefu ya sitolo ya mabuku zaka 30. Ndiye Watchmen anaisonkhanitsa kukhala buku limodzi mu 1987, inagulidwa, inagulidwanso, ndipo DC sinasiye kuisindikiza ngakhale chaka chimodzi. Umwini sunabwerere. Kupambana kwa bukulo n'kumene kunamulanda mwini wake. Akuluakulu aja anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Moore anachoka ku DC chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ali wokwiya, koma Watchmen ndi V for Vendetta zinatsala komweko.

Tsopano ndikufuna tiime kaye pa chinthu chimene anthu ambiri amalakwitsa. Amati comic ndi filimu n'zofanana, zonse ndi zithunzi zotsatizana, ndiye kusandutsa ina kukhala inzake ndi ntchito yophweka. Ayi. Taganizani timabokosi tiwiri pa tsamba. M'kabokosi koyamba muli mayi atagwira mpeni, nkhuku ikuthawira kuseri kwa nkhokwe. M'kabokosi kachiwiri muli banja litakhala pa mkeka, nsima ndi mbale ya ndiwo pakati. Nkhukuyo yaphedwa pati? Wojambula sanajambule. Mwaipha ndinu, m'mutu mwanu, pa kampata koyera kali pakati pa timabokosi tiwiri tija. Scott McCloud anafotokoza bwino za kampata kameneka m'buku lake la Understanding Comics mu 1993. Pa comic, wowerenga ndiye woyendetsa nthawi. Mutha kukhala pa kabokosi kamodzi mphindi zisanu, mutha kubwerera masamba 40 kuti muonenso chinthu. Ndipo diso lanu limaona tsamba lonse nthawi imodzi: zimene zachitika, zimene zikuchitika ndi zimene zikubwera, zonse zili pamaso panu. Filimu imathamanga zithunzi 24 pa sekondi, ndipo mu holo ya sinema simungauze munthu kuti taimitsani ndionetsetse.

Moore ndi Gibbons anamanga Watchmen dala pa zinthu zimene pepala lokha lingachite. Pafupifupi tsamba lililonse lagawidwa potsatira timabokosi 9, titatu titatu, moti amamveka ngati kugunda kwa wotchi. Chaputala 5 anachipanga ngati galasi: kamangidwe ka tsamba loyamba kakufanana ndi ka tsamba lomaliza, lachiwiri ndi lachiwiri kuchokera kumapeto, mpaka kukumana pakati penipeni. Simungazindikire zimenezi popanda kugwira buku m'manja n'kumatembenuza uku ndi uku. Chaputala 4 chili ndi Doctor Manhattan, munthu wabuluu uja, ali yekha pa Mars. Iye amaona nthawi yonse pamodzi, 1959 ndi 1985 kwa iye zikuchitika limodzi, ndipo wowerenga amamva chimodzimodzi chifukwa zaka zonsezo zili pa tsamba limodzi. Mulinso mnyamata wokhala pafupi ndi wogulitsa nyuzipepala, akuwerenga comic ya achifwamba a panyanja, ndipo mawu a comic imeneyo amalowerera m'nkhani yaikulu. Chinthu chotere mungachijambule bwanji ndi kamera?

Anthu anayesa kwa zaka zoposa 20. Fox inagula chilolezo mu 1986. Terry Gilliam anaigwira n'kuisiya, akuti siingatheke m'maola awiri. Darren Aronofsky anadutsapo, Paul Greengrass anadutsaponso. Pa nthawi yonseyi mabuku ena a Moore anali akusanduka mafilimu, ndipo iye poyamba analibe nazo vuto. Maganizo ake anali akuti atenge ndalama, asaonere filimu, buku likhala buku. From Hell inatuluka mu 2001. Bukulo ndi la masamba oposa 500, lonena za Jack the Ripper ndi umphawi wa London wa 1888, ndipo wakuphayo amakuuzani koyambirira chifukwa nkhani si yofufuza kuti ndani. Filimu inaisandutsa yofufuza kuti ndani, ndipo wapolisi wonenepa wachikulire wa m'buku anakhala Johnny Depp wosuta opium n'kumaona masomphenya. Moore anangoti zawo zimenezo.

Chimene chinasintha zinthu ndi The League of Extraordinary Gentlemen ya 2003, ija ya Sean Connery. Anthu awiri a mafilimu, Larry Cohen ndi Martin Poll, anasumira Fox kuti inaba nkhani yawo, ndipo mlanduwo unkamveka ngati ukunena kuti buku la Moore linalembedwa pofuna kubisa kubako. Moore anakhala maola ambirimbiri akufunsidwa mafunso ndi maloya, pa filimu imene sanalembe. Kenako Fox inangogwirizana nawo kunja kwa khoti, iye osapatsidwa mpata woyeretsa dzina lake. Kuyambira pamenepo anati: mabuku amene ndili ndi umwini, palibenso filimu. Amene umwini uli kwa ena, chotsanipo dzina langa, ndipo gawo langa la ndalama mupatse ojambula. Mu 2005 Joel Silver, mkulu wa filimu ya V for Vendetta, anauza atolankhani kuti Moore akusangalala ndi filimuyo. Moore anati ndi bodza ndipo anafuna kuti Silver abweze mawu poyera. Sizinachitike mmene ankafunira, ndiye anadula chingwe chomaliza chimene chinali chitatsala pakati pa iye ndi DC.

Tiyeni tione V for Vendetta bwinobwino, chifukwa apa ndi pamene nkhani imakoma. Inayamba kutuluka mu 1982 m'magazini ya ku Britain yotchedwa Warrior, yakuda ndi yoyera, nthawi ya Margaret Thatcher. Magaziniyo inafa mu 1985 nkhani isanathe, DC n'kudzaimalizitsa mu 1988 ndi 1989. Wojambula David Lloyd ndiye anabweretsa ganizo lakuti V azivala nkhope ya Guy Fawkes. Inu a ku UK mukumudziwa. Ndi uja anagwidwa mu Novembala 1605 ali ndi migolo ya wonga pansi pa Nyumba ya Malamulo, uja mumaphulitsira makombola pa 5 Novembala chaka chilichonse agalu n'kumabisala kunsi kwa bedi. Kwa zaka pafupifupi 400 Angerezi ankawotcha chidole chake ngati munthu woipa. Lloyd ndi Moore anamutembenuza.

M'buku, Britain ikulamulidwa ndi chipani cha Norsefire, chimene chinasonkhanitsa anthu akuda, Amwenye, amuna ndi akazi okondana okhaokha, ndi otsutsa boma, n'kuwatsekera m'makampu. V si munthu wabwino wofuna zisankho zachilungamo. Safuna boma lililonse, amapha, amazunza ngakhale mtsikana Evey amene akuti akumumasula, ndipo bukulo limakusiyani mukudzifunsa ngati munthuyu ndi mpulumutsi kapena wamisala. Atsogoleri a chipanicho nawo si zilombo, ndi anthu wamba amantha, ena ali ndi mabanja osokonekera. Filimu, imene inalembedwa ndi a Wachowski n'kutsogoleredwa ndi James McTeigue, inatuluka mu Malichi 2006. Inafewetsa V, inachepetsa kwambiri nkhani ya tsankho la khungu, ndipo inamveka ngati ikukamba za America ya George W. Bush. Dandaulo la Moore linali lomwelo, kuti atenga mkangano wa ku Britain n'kuuveka zovala za ku America. Pamenepa ine ndili naye.

Komatu tamvani izi. Chithunzi chija cha chikhamu cha anthu, onse atavala chigoba chimodzimodzi, akuyenda kupita ku Nyumba ya Malamulo asilikali akungowayang'ana, m'buku mulibe. Ndi cha filimu. Ndipo chimenecho ndi chimene dziko linatengera. Mu 2008 gulu la Anonymous linavala zigobazi pochita zionetsero zotsutsa Scientology, pofuna kuti asadziwike nkhope. Mu 2011 zinadzaza pa Occupy Wall Street ndi Occupy London. Mu 2013 boma la Bahrain linaletsa kulowetsa zigobazi m'dziko. Ndiye filimu imene mwini nkhani anaikana ndi imene inapereka nkhope kwa anthu okwiya a m'mayiko ambirimbiri. Chinanso choseketsa, kapena chomvetsa chisoni, kaya: chithunzi cha chigobacho ndi cha Warner Bros. Wachinyamata akagula chigoba chovomerezeka kuti akatukwane makampani akuluakulu, kagawo ka ndalama yake kamapita ku kampani yaikulu.

Watchmen inatuluka potsiriza mu Malichi 2009, wotsogolera ali Zack Snyder, Fox ndi Warner atakokanakokana kukhoti mpaka miyezi iwiri filimu isanatuluke. Snyder analikonda bukulo kwambiri, palibe angatsutse. Anatenga timabokosi ta Gibbons n'kutijambulanso ndi kamera pafupifupi mmene tilili. Mphindi zoyambirira zija, pamene mbiri yonse ya dziko lawo ikudutsa nyimbo ya Bob Dylan ikulira, ndi zabwino kwambiri, ndipo n'zimene anapanga yekha, m'buku sizili choncho. Anasinthanso mathero: chilombo chachikulu chija chogwera pa New York anachichotsa, mlandu n'kuukankhira kwa Doctor Manhattan. Ambiri anakwiya nazo, ine sindinakwiye. Vuto langa lili pena. M'buku, ndewu ndi yonyansa ndipo imatha msanga, ndipo anthu ovala zigobawa ndi achikulire omvetsa chisoni, wina ali ndi mimba yotuluka. Mufilimu aliyense amamenya ngati katswiri, kamera ikuchedwetsa chibakera kuti musirire. Rorschach, amene Moore anamupanga kuti mumuope ndi kumumvera chisoni, anatuluka ngati ngwazi. Zithunzi zinali zomwezo, koma zikunena zina. Pa mayina a filimuyo analembapo Gibbons yekha.

Pena ndimafuna kungonena kuti Moore analondola pa zonse, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma pali 2019. Chaka chimenecho HBO inatulutsa Watchmen ya pa TV, zigawo 9, yolembedwa ndi Damon Lindelof, Regina King ali patsogolo. Moore sanaifune, ndipo Lindelof ankadziwa kuti sakuifuna. Sanabwereze nkhani ya m'buku, anaipitiriza zaka zoposa 30 kutsogolo. Ndipo anayambira ku Tulsa, Oklahoma, mu 1921, pamene chigulu cha azungu chinawotcha dera la Greenwood, kumene anthu akuda anali ndi mabizinesi awo, mahotela, matchalitchi ndi manyuzipepala. Akatswiri ena a mbiri amati ophedwa anafika 300. Anthu ambiri a ku America, ngakhale ophunzira, anavomera kuti anamva za Tulsa koyamba pa pulogalamu imeneyi, chifukwa kusukulu sanaphunzitsidwe. Inapata mphoto za Emmy 11. Ndiye apa pali ntchito yabwino, yofunika, yomangidwa pa munda umene mwini wake akuti analandidwa. Inu a ku America, makamaka amene ana anu akukulira kumeneko, ioneni. Koma kukoma kwake sikusintha zimene zinalembedwa mu kontrakiti ija.

Mwachidule ndikuuzeni za Sin City ya 2005, chifukwa ndi mbali ina ya ndalama yomweyo. Robert Rodriguez ankafuna kuti Frank Miller alembedwe ngati wotsogolera mnzake. Bungwe la otsogolera mafilimu ku America linakana malinga ndi malamulo ake, Rodriguez n'kutuluka m'bungwemo. Filimuyo imaoneka ngati bukulo lenileni likuyenda. Kaya mumaikonda kaya ayi, wolemba anali pomwepo pojambula.

Tsopano tichoke ku America ndi ku Britain, tipite kwa munthu amene nkhani yake ndikuganiza kuti ambiri a inu muimva m'mafupa. Marjane Satrapi anabadwa mu 1969 ku Rasht, m'dziko la Iran, n'kukulira ku Tehran. Anali ndi zaka pafupifupi 10 pamene ufumu wa Shah unagwa mu 1979. Makolo ake anali m'gulu la osangalala, osadziwa chimene chikubwera. Amalume ake Anoosh, amene anakhala m'ndende nthawi ya Shah, anaphedwa ndi boma latsopano. Nkhondo ndi Iraq inayamba mu 1980, mabomba n'kumagwa mu Tehran. Mtsikanayu anali wapakamwa, woyankha aphunzitsi, ndipo makolo anaona kuti tsiku lina pakamwa pamuphetsa. Ali ndi zaka 14 anamukweza ndege yekha kupita ku Vienna.

Zimene anakumana nazo kumeneko, ena a inu simufunika kuuzidwa. Anthu amene analonjeza kumusunga anamutula kwa masisitere. Anasamuka nyumba ndi nyumba. Anzake a kusukulu ankamuona ngati chinthu chachilendo chochokera kunkhondo. Tsiku lina, chifukwa cha manyazi, ananama kuti ndi wa ku France. Pa foni ankauza makolo kuti zonse zili bwino, chifukwa ungadandaule bwanji kwa anthu amene akugona kumabomba pamene iwe uli ku Ulaya? Anafika pogona mumsewu nthawi yachisanu mpaka kudwala chifuwa chotsala pang'ono kumupha. Atabwerera ku Tehran anapeza kuti kumenekonso ndi mlendo. Mu 1994 anachokanso, ulendo uno kupita ku France.

Nkhani imeneyi anaijambula m'mabuku anayi otchedwa Persepolis, amene anatuluka kuyambira 2000 mpaka 2003 ku kakampani kakang'ono ka ojambula okhaokha ku Paris, L'Association. Zojambula zake n'zosavuta, zakuda ndi zoyera basi, ngati za mwana. A mafilimu atabwera ndi maganizo oti ochita sewero enieni asewere nkhaniyi, iye anakana, ndipo akanatha kukana chifukwa nkhani inali yake pa pepala la kontrakiti, osati mumtima mokha. Anaipanga yekha pamodzi ndi mnzake Vincent Paronnaud, ya katuni, yojambulidwa pamanja ku Paris. Chifukwa chimene ankapereka chinali chakuti mukaika anthu enieni ndi misewu yeniyeni, woonera wa ku Ulaya aona anthu achilendo a dziko lakutali, pamene nkhope ya mizere inayi ingakhale ya aliyense.

Ndipo chidwi changa chili apa: Satrapi sanalikopere buku lake. Mwini wakeyo ndiye analisintha kwambiri. Anadula nkhani zambiri za ku Vienna. Anawonjezera mitundu yotuwa, utsi ndi mithunzi, zimene m'buku mulibe. Anaika Marjane wamkulu atakhala pa bwalo la ndege la Orly akukumbukira, ndipo zigawo zimenezo zokha ndi zimene zili ndi mitundu. Mbiri ya mmene bambo wa Shah anatengera ufumu anaisandutsa sewero la zidole. Anadziwa kuti filimu ndi nyama ina, ndipo anaipatsa chakudya chake. Chiara Mastroianni analankhula mawu a Marjane, Catherine Deneuve, amene ndi mayi ake enieni a Chiara, analankhula a mayi, ndipo Danielle Darrieux anakhala agogo aja oika maluwa a jasmine pachifuwa. Filimuyo inapata mphoto ya oweruza ku Cannes mu 2007, n'kupikisana nawo pa Oscar, kumene inagonja kwa Ratatouille, ija ya khoswe wophika.

Buku linali litakhalapo zaka zingapo popanda chipolowe. Filimu ndi imene inautsa mavu. Akuluakulu a ku Iran anadandaula kwa a France isanaonetsedwe n'komwe ku Cannes, ndipo chikondwerero cha mafilimu cha ku Bangkok chinaichotsa pa ndandanda chaka chomwecho. Choopsa chinachitika ku Tunisia mu Okutobala 2011, patangotha miyezi ingapo Ben Ali atathawa, zisankho zili pafupi. Wailesi ya kanema ya Nessma inaionetsa m'Chiarabu cha konko. Mufilimumo muli pamene kamtsikana kakulankhula ndi Mulungu, atajambulidwa ngati nkhalamba ya ndevu zoyera. Chigulu cha anthu chinapita kukaukira wailesiyo, ena anaukira nyumba ya mwini wake, Nabil Karoui, ndipo mu Meyi 2012 khoti linamulipiritsa chindapusa cha ma dinar 2,400. Chithunzi chomwecho chili m'buku. Koma buku umachita kulifuna, pamene TV imalowa yokha pabalaza.

Wina amene anayenda njira yofanana ndi Marguerite Abouet, wobadwira ku Abidjan mu 1971, amene anatumizidwa ku France ali ndi zaka 12. Anatopa ndi Africa wa pa TV za ku Ulaya, wa njala ndi mfuti, ndiye analemba Aya de Yopougon, Clément Oubrerie n'kujambula. Buku loyamba linatuluka mu 2005 ndipo linapata mphoto ku Angoulême chaka chotsatira. Ndi nkhani ya atsikana atatu a ku Yopougon chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970: wina akufuna udokotala, anzake akufuna madansi, pali mimba yosayembekezera, pali bambo wokhala ndi banja lachiwiri mobisa, pali mwana wa bwana wa kampani ya mowa wopanda nzeru. Mukawerenga mudzaseka, chifukwa anthu amenewa mukuwadziwa, ena ndi achibale anu. Filimu yake ya katuni inatuluka mu 2013, ndipo anaitsogolera ndi eni ake awiriwo.

Ndiye pali Maus. Art Spiegelman anajambula nkhani ya bambo ake, Vladek, Myuda wa ku Poland amene anapulumuka ku Auschwitz. Ayuda ndi mbewa, Ajeremani ndi amphaka. Gawo lachiwiri linatuluka mu 1991, ndipo mu 1992 bukulo linapatsidwa mphoto yapadera ya Pulitzer. Theka la nkhaniyo si la kumsasa wa imfa ayi, ndi la mwana wamkulu atakhala ndi bambo wake wovuta, woumira, ku New York, akumufunsa mafunso ndi tepi rekoda, akukangana pa zinthu zazing'ono. Mbewa zija zimagwira ntchito chifukwa zili duu pa pepala. Nkhope zake n'zopanda zambiri, ndiye inu mumaikamo nkhope ya munthu. Penanso Spiegelman amadzijambula ngati munthu wovala chigoba cha mbewa, zingwe zikuoneka kumbuyo kwa mutu, kukukumbutsani kuti zonsezi n'zongoyerekeza. Muziyendetse mbewazo, muzipatse mawu a munthu wotchuka ndi nyimbo yoliza anthu, zisanduka Mickey Mouse ali ku Auschwitz.

A mafilimu akhala akumupempha kwa zaka zoposa 30, ndipo iye wakhala akukana. Mu Januwale 2022 komiti ya sukulu ya ku McMinn County, ku Tennessee, inachotsa Maus pa maphunziro a ana a giredi 8, ati muli mawu otukwana ndi chithunzi cha munthu wosavala. Patangopita masiku ochepa bukulo linakwera pamwamba pa mabuku ogulidwa kwambiri pa Amazon, lili ndi zaka zoposa 30, lopanda filimu, lopanda chidole, lopanda chigoba chogulitsa. Mukalifuna, laibulale ya mumzinda umene mukukhala mwina ili nalo, pamodzi ndi Persepolis.

Kwa lero ndalekeza pomwepa.